Mwana Wophunzira Udokotala: Agone Kwao Kapena Pafupi ndi Chipatala?

Makolo a kale analibe funso limeneli. Daniel Sharpe Malekebu anachoka ku Chiradzulu ali mnyamata, natsiriza maphunziro a udokotala ku Meharry, m'dziko la America, mu 1917, ndipo anabwerera kwao mu 1926. Dr. Kamuzu Banda anatsiriza pa sukulu yomweyo mu 1937, koma nthaka ya kwao anaipondanso mu 1958. Masiku amenewo kuphunzira udokotala kunali kutsazika amako osadziŵa ngati udzaŵapezanso ndi moyo. Ngakhale dziko lathu litalandira ufulu mu 1964, ana athu anapitabe kunja, kufikira mu 1991 pamene College of Medicine inatsegulidwa ku Blantyre, pafupi ndi chipatala cha Queen Elizabeth. Mu 2021 sukuluyi inaphatikizana ndi Kamuzu College of Nursing, ndipo tsopano dzina lake ndi Kamuzu University of Health Sciences.

Tiyamike Mulungu kuti sukulu imene inali kutsidya la nyanja yatifika pakhomo. Pa zaka zina za maphunziroŵa ophunzira amatumizidwa ku Lilongwe kukaphunzira pakati pa odwala pa Kamuzu Central Hospital. Kwa ife a kuno ku Mpingu, m'mbali mwa mseu wa ku Mchinji, amenewo ndi malo oti munthu alaŵira m'maŵa, nabwerera dzuŵa lisanaloŵe. Tsono apa ndipo pagona funso: kodi mwana azigona kwa makolo ake n'kumayendera, kapena asamuke akakhale pafupi ndi chipatala?

Funsoli linaloŵa m'nyumba mwanga pamene mwana wanga wamkazi, atatha zaka zake zoyamba ku Blantyre, anauzidwa kuti akapitiriza ku Lilongwe. Amake anakondwera kwambiri, nayamba kukonza chipinda chake chakale. Zifukwa zao zinali zomveka. Malipiro a mphunzitsi wa pulayimale mukuŵadziŵa, abale, ndipo pambuyo pa mwanayu pali ang'ono ake amene ali ku sekondale. Chimanga chili m'nkhokwe, ndiwo zili kudimba. Nanga bwanji kumakagula ufa wa pa sikelo m'tauni? Ndiponso mwana wamkazi m'tauni ndi nkhani imene imasoŵetsa tulo mayi aliyense. Tinaitana malume ake monga mwa mwambo wathu, tinakambirana madzulo aŵiri, ndipo tinagwirizana kuti mwana akakhale pafupi ndi chipatala. Ndifuna kufotokoza zifukwa zake, kapena zingathandize banja lina.

Choyamba, chipatala sichidziŵa belu. Kusukulu kwathu belu likalira ana aŵeruka, ndipo ine nditseka kalasi. Koma matenda saŵeruka. Wophunzira udokotala akafika zaka za m'mawodi amapatsidwa odwala oti aŵafunse mbiri ya matenda ao, aŵapime, ndipo m'maŵa akafotokoze pamaso pa dokotala wamkulu. Masiku ena amagwira ntchito usiku. Amayi ambiri amachira usiku, ovulala pa ngozi za pamseu amafika usiku, ndipo zimene wophunzira aona pa nthaŵi yotere sangazipeze m'buku. Nanga akatuluka m'wodi pakati pa usiku, minibasi ya ku Mpingu aipeza kuti? Kodi tingalole mwana wathu kukwera kabaza mumdima, ati kuti tipulumutse ndalama za lendi? Titaŵerengetsera ndalama zoyendera kupita ndi kubwera tsiku ndi tsiku, tinapeza kuti zimene tinayesa kuti tisunga zikanathera m'manja mwa kondakitala.

Chachiŵiri, mudzi sudziŵa kusiya mwana kuti akhale yekha ndi buku. Sindikunyoza mudzi ai, pakuti umenewo ndiwo ukoma wake. Pakagwa maliro tonse tisonkhana pasiwa. Mlendo akafika alonjeredwa ndi kuphikiridwa. Mvula ikagwa aliyense agwira khasu. Mwana wamkazi woleredwa bwino sangakhale pampando n'kumaŵerenga amake akusinja kapena akuchokera kumjigo ndi ndowa pamutu. Akatero anthu ati wayamba kudzimva. Akaleka buku nathandiza, maŵa akachita manyazi pamaso pa aphunzitsi ake. Zaka zonse zimene ndaphunzitsa ndaona atsikana anzeru a Sitandade 8 akugwa mayeso chifukwa cha ntchito za pakhomo, chonsecho maphunziro ao ndi opepuka. Nanga munthu amene ayenera kudziŵa mafupa 206 a m'thupi la munthu wamkulu, mitsempha yake, maina a mankhwala ndi muyeso wake? Iyeyu asoŵa nyali yosazima, tebulo, ndi anzake ofunsana nao mafunso kufikira usiku. Mutu umodzi susenza denga.

Chachitatu ndi chimene makolo ambiri sachiganizira. Mudzi umapatsa mwana udokotala nthaŵi isanakwane. Pa tchuthi choyamba penipeni anthu anayamba kutchula mwana wanga kuti adokotala. Tsiku lina gogo wina anafika ndi mdzukulu wotentha thupi, nati, “Amayi, tamuonereniko mwanayu, mutiuze mankhwala oti tikagule kugolosale.” Mwana wanga anagwada nayankha kuti, “Agogo, ine ndikadali pasukulu. Tiyeni ndikuperekezeni kuchipatala akamuyeze malungo lero lomwe.” Anachita bwino, koma gogoyo anachoka nkhope ili gwa, ndipo mau anamveka m'mudzi akuti mwana wa aphunzitsi ngwoumira. Taganizani zotere zikuchitika madzulo alionse. Akakana, amutcha wonyada. Akalola, aika moyo wa munthu pachiswe. Njira ya udokotala ndi yaitali: chaka chimodzi chokonzekera, zaka 5 za maphunziro, kenaka miyezi 18 yogwira ntchito moyang'aniridwa ndi madokotala akuluakulu, ndipo dzina lake lilembedwe m'kaundula wa Medical Council of Malawi. Malamulo ameneŵa anaikidwa kuti atchinjirize odwala, ndipo ife tisakankhire ana athu kuŵaphwanya chifukwa cha chinansi.

Tsono nanga mayesero a m'tauni? Monga mkulu wa mpingo sindingaŵapeputse. Pabwalo la mpingo tamva milandu yomvetsa chisoni ya ana amene anapita kusukulu ali Akhristu okhulupirika, nabwerako atatayika. Koma ndinene zoona: milandu yambiri imene timaŵeruza ndi ya ana ogona m'nyumba za makolo ao, m'midzi mwathu momwe muno. Khoma la nyumba ya atate silitchinga tchimo. M'mera mpoyamba. Ngati Sande Sukulu, kalasi, chilangizo ndi mapemphero a pabanja sizinagwire ntchito pa zaka 20, kodi zidzagwira chifukwa choti tatsekera mwana m'chipinda? Kumbukirani kuti ameneyu posachedwa adzasiyidwa yekha usiku ndi moyo wa munthu m'manja mwake, popanda atate kapena amai omuuza chochita. Wodzasunga miyoyo ya ena ayambe waphunzira kusunga nthaŵi yake, ndalama zake ndi thupi lake.

M'buku loyamba la Samueli, mutu 1 ndi 2, timaŵerenga za Hana. Mwana amene anamupempha ndi misozi anakamusiya ku Silo akadali wamng'ono, kuti akatumikire m'nyumba ya Mulungu. Hana sanakamutengenso, komanso sanamuiŵale. Chaka ndi chaka ankamusokera kamwinjiro nakamupatsa. Nafenso tili ndi kamwinjiro kathu. Kwathu kamwinjiroko ndi thumba la ufa, nyemba ndi nsinjiro zimene amake amatumiza mwezi ndi mwezi, ndi lamya ya Loŵeruka madzulo. Tinapita tokha kukaona kumene mwana agona ndi kudziŵa anzake okhala nao. Koposa zonse, tinapempha abusa kalata yosamukira, kuti akalandiridwe mumpingo wa kumeneko, azidya Mgonero wa Ambuye, ndipo akhale ndi mkulu wa mpingo womuyendera. Mipingo ya Sinodi yathu ya Nkhoma ilipo yambiri mumzinda wa Lilongwe, ndipo m'masukulu muli magulu a CCAPSO ndi SCOM. Mwana wosamuka popanda kalata ali ngati nkhosa yotuluka m'khola popanda mbusa woilandira kutsogoloko.

Sindikunena kuti banja lililonse lichite monga tinachitira ife. Alipo amene nyumba yao ili mumzinda momwemo, pafupi ndi chipatala. Alipo amene ndalama za chipinda sangazipeze ngakhale atagulitsa mbuzi zonse. Alipo ana amene kholo lao lili gone, popanda wina wolidwazika. Otereŵa asadziimbe mlandu. Koma ngati mwana agona pakhomo, banja lonse lipangane poyera: amasulidwe ku ntchito zina za pakhomo, apatsidwe malo ndi nyali, ndipo atate aime pakhomo kuuza odwala mwaulemu kuti chipatala chili uko. Kusunga mwana pakhomo n'kumamusenzetsa katundu wa mudzi wonse ndiko kumugwetsa ndi manja athu omwe.

Kwa inu achinyamata amene mwasamuka, mau anga ndi aŵa. Lamulo lachisanu lolemekeza atate ndi amai silithera pa chipata cha sukulu. Ndalama imene mwalandira ndi thukuta la kumunda. Muzifotokoza mmene mwaigwiritsira ntchito osayembekeza kufunsidwa. Pa tchuthi bwerani kwanu, gwirani khasu, idyani nsima m'mbale imodzi ndi abale anu, gwadani polonjera akuluakulu. Zimenezi zidzakuthandizani ngakhale pa ntchito yanu. Odwala ambiri amene mudzaŵaona adzachokera ku Nsaru, ku Kabudula, ku Namitete, ndipo sadzakuuzani maina a matenda a m'mabuku anu. Adzati m'mimba mukupota, kapena mwana akubanika, kapena angokhala chete chifukwa cha ulemu. Dokotala amene anaiŵala kalankhulidwe ka amake adzalemba mankhwala asanamve chimene chikuŵaŵa.

Potsiriza ndipempha abusa ndi akulu a mpingo anzanga chinthu chimodzi. Mwana wa mumpingo mwathu akasankhidwa kukaphunzira udokotala, unamwino kapena uzamba, tisamangomva m'mphekesera kuti anapita. Pa Sabata lotsiriza asananyamuke timuitane kutsogolo pamodzi ndi makolo ake, timupempherere motchula dzina, ndi kumupatsa kalata yake m'manja mpingo wonse ukuona. Potero makolo adzalimba mtima kumumasula, ndipo mwanayo adzadziŵa kuti sanathaŵe kwao, koma mpingo wamutuma.