Kuthamanga M'maŵa Pakati pa Mapiri ndi Nyanja ku Chembe

Pamene adokotala anandiuza kuti magazi anga akuthamanga kopitirira muyeso, ndi kuti ndiyenera kuchepetsa mchere ndi kumayenda ndawala kapena kuthamangako pang'ono tsiku ndi tsiku, ndinaona ngati andipatsa ntchito ya ana. Munthu wa imvi, amene wagwira choko zaka zoposa 30, avale kabudula nkumathamanga pamseu popanda chomupirikitsa? Komabe ndinamvera, ndipo patapita miyezi thupi linazoloŵera. Tsono patchuthi cha mwezi wa August, pokacheza milungu iŵiri kwa alamu anga ku Chembe, mudzi waukulu wa asodzi m'boma la Mangochi umene alendo amautcha Cape Maclear, nsapato zothamangira sindinazisiye.

Mudzi wa Chembe uli pa kachigwa kumapeto kwa dera la Nankumba, kumene mtunda umaloŵa m'nyanja ngati mkono. Kutsogolo kuli madzi ndi zilumba za Thumbi ndi Domwe. Kumbuyo kuli minda, ndipo kuseri kwa mindayo kuli mapiri a miyala. Mapiriwo, zilumbazo, pamodzi ndi madzi a m'mbali mwake zili m'manja mwa Lake Malawi National Park, malo osungirako zachilengedwe amene boma linakhazikitsa mu 1980, ndipo mu 1984 bungwe la UNESCO linaŵaŵerengera pa chuma cha dziko lonse lapansi. Anthu a m'mudzimo, amene tsopano ali oposa 10,000, sanasamutsidwe. Anasiyidwa pakati pa pakiyo, monga anasiyidwira a ku Msaka ndi a ku Mvunguti. Chotero wothamanga ku Chembe, kaya alunjike kuti, sapita patali asanafike pa malire.

Masiku oyamba ndinkadzuka kusanache ndi kutsata kanjira ka m'mudzi koloŵera chakumadzulo. Ndinayesako kuthamanga pamchenga wa pagombe, koma mchenga umameza phazi, ndipo maondo a munthu wa msinkhu wanga sachedwa kudandaula. Nthaŵi imeneyo asodzi a usipa amakhala akukocheza, nyali zimene anakopera nsomba usiku wonse atazizimitsa, ndipo amai amakhala atayamba kale kuyala nsombazo pa matandala. Palibe amene ali ndi mpata woyang'ana mkulu wa kabudula. Ukapitirira nyumba za alendo umafika pa chipata cha paki, pamene pamaperekedwa ndalama yoloŵera; ya ife eni dziko njochepa poyerekeza ndi ya alendo akunja.

Pafupi pomwepo pali manda a amishoni oyamba a Livingstonia. Dzina loti Cape Maclear analipereka David Livingstone mu 1861 polemekeza bwenzi lake Thomas Maclear, katswiri wa nyenyezi wa ku Cape Town. Mu 1875 E. D. Young ndi Dr Robert Laws anafika kuno pa sitima ya Ilala namanga mishoni, koma malungo sanaŵalole kukhazikika, ndipo mu 1881 mishoniyo inasamukira ku Bandawe. Pamandapo pagona Dr William Black, amene anamwalira mu 1877, ndi Shadrach Ngunana, Mxhosa wochokera ku sukulu ya Lovedale. Ndinaimapo tsiku loyamba; masiku enawo ndinkangochepetsa liŵiro podutsa. Kuchoka apo njira imaloŵa m'miyala, ndipo munthu wanzeru amayenda, sathamanga, kufikira ku Otter Point, malo amene dzina lake linachokera kwa akatumbu. Ukaima pamwala pamenepo dzuŵa litangotuluka, umaona mbuna zikusambira pansi pako, zina zobiriŵira ngati thambo, zina zachikasu, zina zamizeremizere. Tinsomba timeneti ndito tinachititsa kuti pakhale paki. Nyanja ya Malaŵi ili ndi mitundu yambiri ya nsomba kuposa nyanja ina iliyonse ya madzi opanda mchere padziko lapansi, ndipo mitundu ina ya mbuna imapezeka pa miyala ya chilumba chimodzi chokha. Yaikazi imasunga mazira ndi tiana take m'kamwa.

Njira imene ndinaikonda koposa ndiyo ya kumbuyo kwa mudzi, yotsata mseu wopita ku Monkey Bay. Mseu umenewu uli ndi makilomita pafupifupi 18 kukafika pa mphambano, koma ine ndinkabwerera ndisanafike ndi theka lomwe. Poyamba umadutsa m'minda ya mapesi ouma, pakati pa milambe ikuluikulu imene mu August imakhala yopanda tsamba. Kenaka mseu umayamba kukwera, minda imatha mwadzidzidzi, ndipo umazindikira kuti waloŵa m'nkhalango ya paki. Mpweya umasintha, umazizira. Anyani amakhala pamiyala nkumakuyang'ana mosathaŵa, ngati ana a Sitandade 8 amene adziŵa kuti aphunzitsi alibe chikwapu. Chapatsogolo m'mbali mwa mseu womwewo pali Mwala wa Mphini, thanthwe lalikulu la mizere yonga mphini zimene agogo athu aakazi ankatema kumaso. Ena amaganiza kuti anajambula ndi anthu akale, koma mizereyo inangong'ambika yokha pakupita kwa zaka.

Pa chitunda chimenecho ndi pamene ndinaphunzitsidwa mwambo. Tsiku lina potsika, miyendo itapepuka, ndinakumana ndi amai asanu akutuluka m'kanjira ka m'phiri atasenza mitolo ya nkhuni yaitali kuposa iwo eni. Ine, pofuna kusataya liŵiro, ndinayesa kudutsa pakati pao, ndipo mmodzi anachita kupotoka ndi mtolo wake kuti andipatse malo, mpaka anadzandira. Wamkulu mwa iwo anaima nati, "Abambo, kodi mukuthaŵa chiyani kumeneko?" Ndinayankha kuti sindikuthaŵa kanthu, koma ndikulimbitsa thupi monga anandilamulira adokotala. Iwo anati, "Zikomo. Ife adokotala athu ndi aŵa," akuloza mtolo uli pamutu. Anzawo anaseka, inenso ndinaseka, koma ndi manyazi. Ndinapepesa. Amai amenewo anali atakwera phiri ine ndikali m'tulo, kukatola nkhuni zouma, pakuti lamulo la paki limalola kutola zouma zokha, munthu atatenga chiphaso, ndipo siloleza kudula mtengo wauŵisi. Anandiuza kuti zouma zapafupi zinatha, nchifukwa chake amapita kutali. Kuyambira tsiku limenelo, ndikaona mtolo wa nkhuni, ng'ombe kapena njinga yonyamula nsomba, ndinkaima kumbali ndi kupereka moni.

Madzulo ndinafotokozera alamu anga nkhaniyi, ndipo inatsegula ina. Iwo ndi msodzi, ndipo kudandaula kwao kuli pa madzi. Lamulo limaletsa kupha nsomba m'kati mwa mamita 100 kuchokera pa gombe la paki ndi la zilumba zake. "Alamu," anatero iwo, "inu mumathamanga nkubwerera kudzadya. Ife tikapanda kupha, ana agona ndi njala. Mzungu amabwera kudzaonera nsomba, ife tikuonera mbale yopanda ndiwo." Sindinafulumire kuŵayankha, pakuti munthu wolandira malipiro pakutha pa mwezi ayenera kusamala pakamwa polankhula ndi munthu wodalira ukonde. Ndipo nzoona kuti ndalama zimene alendo amasiya pano sizifika m'nyumba iliyonse mofanana.

Koma pali chinthu chimodzi chimene ndinaŵauza, chimenenso ndifuna kuti inu anyamata ndi atsikana muchimve. Munthu akathamanga thukuta nkutuluka, madzi oyera a pa Chembe amakopa. Ine sindinaloŵemo pagombe la m'mudzi, chifukwa cha likodzo. Ndaona ana ambiri m'kalasi akukodza magazi, akufooka ndi kujomba kusukulu. Tizilombo ta likodzo timakulira mu nkhono zazing'ono za m'madzi, timaloŵa m'thupi kupyolera pakhungu, ndipo wodwala akakodzera m'madzi mazira ake amabwereranso ku nkhono zija. Akatswiri amene anafufuza pa Chembe pomwepa anapeza kuti nkhonozo zinachuluka pamene nsomba zodya nkhono zinachepa chifukwa cha makoka okokedwa m'mphepete. Tsono nsomba zina zimene lamulo likuteteza zikugwira ntchito yoteteza ana a msodzi yemweyo. Alamu anakhala chete kanthaŵi, kenaka anati zimenezo anazimvapo, koma nkhono siziphikidwa ndiwo. Sitinagwirizane usiku umenewo. Amene wasamba m'madzi otere apite kuchipatala patapita milungu ingapo. Mankhwala ake, praziquantel, alipo ndipo amachiza.

Wofuna kuthamanga kuno adzuke msanga, pakuti ikangokwana 8 koloko dzuŵa la kunyanja silichitira chifundo, makamaka kuyambira October. Atenge madzi akumwa. Tinjira ta m'mapiri, monga kopita ku Msaka, asaloŵemo yekha, koma apemphe womperekeza amene akudziŵa malowo. Ndipo ana asukulu akayamba kumutsatira pambuyo akuseka, asaŵathamangitse. Aŵiri mwa amene ananditsata ine anandisiya kutali tisanafike pa mlambe wachitatu.

M'maŵa wotsiriza alamu anga, atangobwera kumene kunyanja, anati andiperekeza kuti aone chimene chimanditengera kuphiri. Anathamanga opanda nsapato mpaka pamene minda imathera, naima, natembenuka kuyang'ana kumbuyo. Mudzi wonse unkaoneka, utsi wa m'makhitchini, matandala akuŵala ndi usipa, ndi chilumba cha Thumbi chitakhala pa madzi abata. Nkhwazi inalira cha kugombe. Iwo anati zaka zonsezi mudzi wao amauonera pa bwato, sanauonepo kuchokera pamtunda nthaŵi ya m'maŵa chotere. Kenaka anandiuza kuti ndipitirire ndekha, iwo akagone.