Maola 1,500 asanakwane

Wachinyamata wa ku Njuli kapena ku Namitambo m'boma la Chiradzulu, yemwe amaona ndege zikudutsa kumwamba ndipo amalakalaka kudzaziulutsa, ayenera kudziwa kuti ntchito imeneyi imalemeretsa mochedwa, ngakhale kuti bwalo la ndege la ku Chileka lili pafupi ndi kwawo. Malinga ndi malamulo a bungwe la ICAO, lomwe limayang'anira maulendo a pandege padziko lonse, chiphaso cholola munthu kuulutsa ndege molipidwa chimafuna maola pafupifupi 200 ali mumlengalenga, pomwe chiphaso chapamwamba, chomwe kaputeni wa ndege zikuluzikulu zonyamula anthu amayenera kukhala nacho, chimafuna maola 1,500. Zaka za pakati pa ziwerengero ziwirizi ndi zomwe zimawawa kwambiri, chifukwa woyendetsa ndege watsopano amakhala wothandizira kaputeni kapena mphunzitsi wa ena, malipiro ake ali ochepa poyerekeza ndi ndalama zambiri zomwe banja lake linawononga pomuphunzitsa, nthawi zambiri ku South Africa, ndiponso achibale kumudzi akuyembekezera thandizo poganiza kuti walemera kale.

M'Malawi mipata ndi yochepa, poti kampani ya Malawi Airlines, yomwe inayamba maulendo ake mu 2014 kampani yakale ya Air Malawi itatha, ili ndi ndege zowerengeka chabe. Komabe ambiri mwa amene amapirira amatero chifukwa kuulutsa ndegeko kumawasangalatsa ngakhale malipiro asanakwere, ndipo ola lililonse lolembedwa m'buku la maulendo awo limawerengedwa ndi kampani iliyonse yomwe angakafunsireko ntchito, kaya ku Addis Ababa kapena ku Johannesburg.