Nyumba ya Matayala ku Joni

Mu June ndinakachezera mng'ono wanga ku Johannesburg. Ndinamupeza akukhala m'galimoto yokhala ndi bedi ndi sitovu, akusamukira pamalo olipira oimikapo makalavani. Tinaika njerwa kunsi kwa matayala kuti isapendekeke, tinalumikiza magetsi, n'kutseka mazenera ndi makatoni. Mzindawu uli pamtunda wa mamita oposa 1,700, ndiye usiku kumazizira koopsa. Mbandakucha madzi anali ataundana m'paipi, wudhu ndinachitira a m'ketulo. Nditafuna kugona chiwothero cha gasi chikuyaka, anandiletsa: "Achimwene, mpweya wake umapha munthu ali m'tulo."

Mnyamatayu anasiya sukulu ali Fomu 2, ndipo ine mkulu wake sindinamuletse. Ana anga, zithunzi za pa WhatsApp sizionetsa kuzizirako. Malizani kaye Fomu 4.