Kalekale tinkaonera ndi makutu

Ku Kawale komwe ndinakulira, chinthu chaulemu kwambiri m'nyumba mwathu chinali wailesi. Inkakhala pamwamba pa kabati itafunditsidwa kansalu koluka, ndipo mwana sankaikhudza. Mabatire akayamba kufooka, bambo ankawayanika padenga la malata kuti apezeko kamphamvu kofikira nkhani za madzulo. Inali wailesi ya Nzeru, yolumikizidwa ku Blantyre, ndipo muvi wake unkangokhala pamalo amodzi chaka ndi chaka, chifukwa nyumba youlutsa mawu m'dziko muno inalipo imodzi yokha, MBC. Ikakwana nthawi ya Kapalepale, anthu oyandikana nafe omwe analibe wailesi ankabwera ndi mipando yawo n'kukhala pakhonde. Panalibe amene anaonapo nkhope ya wosewera aliyense, koma mukanatifunsa, aliyense wa ife akanakuuzani kutalika kwake, zovala zake, ngakhale mmene amayendera.

Chiyambi cha wailesi imeneyi sichinali kuno. M'zaka za m'ma 1940 atsamunda anatsegula ku Lusaka nyumba ya Central African Broadcasting Station, yomwe inkaulutsira anthu akuda a Nyasaland ndi maiko awiri a Rhodesia, ndipo Chinyanja chinali chimodzi mwa zilankhulo zake. Mu 1949 kunabwera kawailesi kotchipa kotchedwa Saucepan Special, kozungulira ngati sefuliya, ndipo kudzera mwa iko agogo athu anamva Alick Nkhata akuimba m'chilankhulo chawo. Chaka chimodzi m'mbuyo mwake, mu 1948, kunali kutakhazikitsidwa Central African Film Unit ku Salisbury, komwe lero ndi Harare, yojambula mafilimu ophunzitsa anthu akuda zimene atsamunda ankafuna kuti aphunzire. Choncho khutu ndi diso zinanyamukira limodzi. Chitaganya chitatha kumapeto kwa 1963, Malawi anatenga khutu lija n'kukhazikitsa MBC mu 1964, koma diso linatsalira panjira. Anzathu a ku Southern Rhodesia anali ndi wailesi ya kanema kuyambira 1960, a ku Kitwe kuyambira 1961. Ife tinadikira zaka 35 chilandirireni ufulu, chifukwa Kamuzu Banda sanafune wailesi ya kanema m'dziko lake.

M'zaka zimenezo MBC inasenza katundu amene kwina amasenzedwa ndi makampani angapo. Inali nyuzipepala ya anthu osadziwa kuwerenga, inali bwalo la zisudzo, inalinso malo ojambulira nyimbo a pafupifupi dziko lonse. Allan Namoko, Daniel Kachamba, Michael Yekha, Robert Fumulani, onsewa tinawadziwira pa wailesi. Mauthenga a maliro ankadutsa pomwepo, ndipo ikafika nthawi yake mayi ankasiya chilichonse n'kutchera khutu, kuopa kuti kumudzi kwagwa zovuta iwo osadziwa. Mpira wa Bullets ndi Wanderers tinkauonera pa wailesi yomweyo, ndipo chigoli chikalowa ku Blantyre, fumbi linkabuka ku Biwi.

Sindingakambe kukoma kokhako. Mu 1968 Chitumbuka chinachotsedwa pa wailesi, ndipo anzathu ochokera kumpoto omwe tinkakhala nawo mzere umodzi anatha zaka zoposa makumi awiri osamva chilankhulo cha amayi awo pa wailesi yomwe misonkho yawo inkathandiza kuyendetsa. Chinabwerera mu 1994. Mu 1968 momwemo kunabwera lamulo lokhazikitsa bungwe lounika mabuku, nyimbo ndi mafilimu, ndipo chimene bungwelo lakana sichinkaoneka kapena kumveka. Nkhani zinkayamba ndi mayina aulemu a Ngwazi, zochitika n'kumabwera pambuyo. Mabishopu a Katolika atatulutsa kalata yawo pa 8 Malichi 1992, akuluakulu a m'dera lathu anayamba kusuntha muvi uja usiku, atatsitsa mawu, kufunafuna BBC kuti amve zochitika m'dziko lawo lomwe.

Kanema wa boma analipo, koma ankayenda pa galimoto. Anthu a unduna wofalitsa nkhani ankafika pabwalo la sukulu dzuwa likulowa, n'kumanga chinsalu choyera, n'kuliza jenereta. Tinkaona Kamuzu akuyendera mbewu m'minda, amayi akuvina, alangizi akuonetsa kathiridwe ka feteleza. Sanali mafilimu oti mwana n'kuwalota usiku, koma tinkakhala pansi mpaka chinsalu chitazima, chifukwa ndi malo okhawo omwe tinkaona munthu wakuda wovala ngati ife akuyenda pa kanema.

Kenaka kunabwera mavidiyo sho, ndipo apa mpomwe mtima wanga umakhalitsa. Cha kumapeto kwa zaka za m'ma 1980 ndi m'ma 1990 monse, munthu akapeza deki, sikirini ndi batire ya galimoto kapena kajenereta, ankamanga chisakasa pafupi ndi msika, n'kuika mabenchi a matabwa, n'kutseka mipata yonse ndi masaka kuti osalipira asasuzumire. Panja pankakhala bolodi lolembedwa ndi choko, mayina a mafilimu ndi nthawi zake, komanso chimkuzamawu choyang'ana kumsewu, kotero kuti kulira kwa mfuti za Rambo kunkamveka mpaka kwa amayi ogulitsa tomato. Ku Mgona, ku Chinsapo, ku Area 23, ku Area 25, kulikonse kunali zisakasa zoterezi. Tinkatunga madzi, kutola zitsulo, kusenza katundu wa anthu kumsika kuti tipeze makobiri olowera. M'katimo munkatentha, munkanunkha thukuta ndi mafuta a jenereta, tepi inkatha kudyedwa ndi deki pakati pa ndewu, mwini malo n'kuitulutsa, n'kuikulunga ndi chala ife tikukuwa. Chingerezi sitinkachimva, koma nthawi zonse pankapezeka mkulu wina amene filimuyo waionera kasanu, iyeyo ndiye ankatimasulira, ndipo pomwe iyenso sanamve ankangopeka. Chomwe tonse tinkadziwa n'chakuti mwini filimu safa. Bruce Lee, Chuck Norris, Van Damme, Schwarzenegger anali anthu a m'dera lathu, ndipo tikatuluka tinkamenyana makarate pa mulu wa mchenga mpaka wina atalira.

Makolo ambiri ankadana nazo zisakasazi, ndipo anali ndi zifukwa zomveka. Ana ankathawa sukulu, ena ankaba ndalama kunyumba, ndipo usiku malo ena ankaonetsa zosayenera ana ali pomwepo. Komabe m'zisakasa zimenezi ndi momwe m'badwo wathu unaphunzirira mmene nkhani imakambidwira ndi zithunzi, ndipo ambiri amene lero akugwira kamera anayambira pa benchi yathabwa.

Mafilimu ena ankayamba ndi mkango ukubangula m'kati mwa chibangili chagolide. Tinkaombera m'manja mkangowo osadziwa kuti ndi chizindikiro cha kampani. Nditakula ndinamva kuti ndi wa Metro-Goldwyn-Mayer, kampani ya ku Hollywood yomwe inabadwa mu 1924 pamene makampani atatu anaphatikizana. Mbiri yake ndi ya kugulitsidwa ndi kugulidwa. Mu 1986 Ted Turner, mwini mawailesi a kanema ku America, anaigula, ndipo patangotha miyezi yochepa anagulitsanso dzina ndi malo ojambulira, iye n'kutsala ndi chinthu chimodzi: nkhokwe ya mafilimu akale, oti azionetsa pa mawailesi ake. Mu 2010 kampaniyi inagwa ndi ngongole, koma inadzukanso, ndipo mu 2022 Amazon inaigula ndi ndalama pafupifupi madola 8.5 biliyoni. Amene ankaigula sankathamangira nyumba kapena makamera. Ankathamangira zakale zimene kampaniyo inasunga. Ndikaganiza zimenezi maganizo anga amapita ku nyumba za MBC ku Chichiri ndi ku Area 4, ku matepi a mawu a agogo athu, a nyimbo za m'midzi zimene anthu a MBC ankayenda kukajambula. Chuma chathu chofanana ndi nkhokwe ya mkango uja ndi chimenecho, ndipo ndikanakonda mwana aliyense wa ku Kawale akanamachipeza mosavuta monga amapezera nyimbo za ku Nigeria.

Pa 1 Epulo 1999, mu ulamuliro wa Bakili Muluzi, Television Malawi inayamba kuulutsa kuchokera ku Kwacha mu mzinda wa Blantyre. Nthawi imeneyo kumayadi anali kale ndi madishi a DStv, koma ife a m'makomboni inali nthawi yoyamba kuimika nsungwi yaitali pambali pa nyumba n'kumangirira waya pamwamba. Mmodzi ankakhala panja akupotoza nsungwiyo, wina pawindo akukuwa kuti "Pomwepo, pomwepo, musasunthenso!" Nyumba imodzi ikakhala ndi kanema, ana a mzere wonse ankasamba msanga n'kukagogoda mwaulemu: "Odi amayi, tabwera kudzaonera nawo." Nsapato zinkadzaza pakhomo, ana pansi pa mkeka, akuluakulu pa mipando, ochedwa pa zenera. Maola oulutsa anali ochepa, mapulogalamu ankabwerezedwa kawirikawiri, koma panalibe wodandaula. Anthu amene tinakhala tikuwamva zaka zambiri tinawaona nkhope, ndipo ena tinakhumudwa nawo pang'ono chifukwa m'mitu mwathu tinali titawajambula mwina. Izeki ndi Jakobo, omwe ndi John Nyanga ndi Eric Mabedi, analowa m'nyumba zathu. Tikuferanji inabwera ndi Manganya, ndipo Michael Usi amene ankasewera gawolo anadzafika pokhala wachiwiri kwa mtsogoleri wa dziko mu 2024. Chimandiwawa n'chakuti Du Chisiza Jr, katswiri wa zisudzo wa Wakhumbata, anamwalira kumayambiriro kwa 1999, kanemayo atatsala pang'ono kutsegulidwa. Ndimadzifunsa zimene akanachita nayo. Mu Januwale 2010 tinaonera Flames ikuchinya Algeria zigoli zitatu kwa duu ku Angola, ndipo tsiku limenelo sindikhulupirira kuti ku Biwi kunali munthu amene anadya chakudya chamadzulo atakhala pansi.

Mu ulamuliro wa Bingu wa Mutharika boma linaphatikiza TVM ndi MBC kukhala bungwe limodzi, ndipo dzina la TVM linazimiririka ngakhale achikulire ambiri amaitchulabe choncho. Pofika nthawi imeneyo MBC sinalinso yokha. Lamulo la 1998 linabweretsa MACRA yopereka ziphaso, Zodiak inayamba mu 2005 muno mu Lilongwe, kenaka kunabwera Times TV, Zodiak TV ndi ena ambiri, nsungwi zija n'kulowedwa m'malo ndi madikoda a Kiliye Kiliye ndi GOtv. Matenda amodzi okha ndiwo sanachoke: chipani chilichonse chikakhala kotsutsa chimalira kuti wailesi ya boma ikukondera, chikalowa m'boma n'kuiwala kulira kwake.

Koma chomwe ndimaona kuti tinaphonya kwambiri ndi china. Kwina nyumba zoulutsira mawu ndi zojambulira mafilimu zinakulira pamodzi, ina ikupanga, ina ikuonetsa, ndalama n'kumazungulira. Kwathu kuno khutu ndi diso zija zinasiyana mu 1964 sizinakumanenso bwinobwino. Mafilimu amene atitchukitsa anabadwira kunja kwa mpanda wa wailesi ya boma, m'manja mwa anthu odzipereka okha. Shemu Joyah anatulutsa Seasons of a Life mu 2008, The Last Fishing Boat mu 2012 ndi The Road to Sunrise mu 2017. Joyce Mhango Chavula anapambana mphoto ya Africa Magic mu 2016 ndi filimu yotchedwa Lilongwe. Nkhani ya William Kamkwamba wa ku Wimbe ku Kasungu inajambulidwa konkuno, koma anaitenga ndi Netflix mu 2019, ndipo kuti mwana wa ku Mgona aionere mwalamulo ayenera kukhala ndi intaneti yomwe makolo ake sangaikwanitse. Mu Ogasiti 2023 MultiChoice italengeza kuti ikuchotsa DStv m'Malawi chifukwa cha mkangano wa mitengo ndi MACRA, tinaona poyera kuti zambiri zimene timaonera zili m'manja mwa eni ake akutali. Inabwerera chaka chisanathe, koma mantha aja anandiphunzitsa kanthu.

Zisakasa zija zilipobe, ngakhale zambiri tsopano zimadalira mpira wa ku England, ndipo mafilimu a ku China ndi ku India amabwera atamasuliridwa kale m'Chichewa ndi anyamata amene asandutsa ntchito ya mkulu wa pa benchi uja kukhala bizinesi. Pambali pake pali timashopu towotchera nyimbo ndi mafilimu mu memore kadi. Khonde lodzaza anthu lija kulibenso. Aliyense ali ndi kasikirini kake m'manja.

Mwezi watha ndinakacheza kwa mchemwali wanga ku Chinsapo, komwe mayi athu akukhala masiku ano. Mdzukulu wawo anali pakona ndi foni akuseka yekha, ndipo mayi anamuitana: "Iwe, bwera nacho kuno, ukusekera chiyani wekhawekha?" Kanali kasewero kakafupi kojambulidwa ndi anyamata a m'tauni momwemuno, mawu ake osamveka bwino chifukwa cha mphepo. Mayi anayandikitsa foniyo kumaso, n'kukhala chete kanthawi, kenaka anati, "Apa si pa Biwi Triangle apa? Uko ndiye kunjira ya kwathu." Anamuuza kuti abwereze, n'kubwerezanso kachitatu, osasamala za nthabwalazo, akungoyang'ana msewu, mitengo ndi amayi odutsa kumbuyo atasenza madengu. Anandiitana kuti nanenso ndione, ndipo tinaunjikana anayi pa kafoni kamodzi ngati mmene tinkachitira pa wailesi ya Nzeru.

Nditapitanso sabata yotsatira mayi anapempha kuti aonenso msewu uja. Mdzukulu anayankha kuti, "Pepani agogo, ndinakafufuta. Mu foni munadzaza."