Mutu wa Banja Lino Ndani?

Akuluakulu adati safunsa adadya phula. Mwambiwu umatamanda wofunsa, koma sutiuza kuti kufunsako kuli ndi luso lake. Funso lopotoka limabala yankho lopotoka, ndipo yankholo likalembedwa papepala, n'kusanduka nambala, n'kulowa m'faelo ya boma, palibenso amene amalikayika. Ndagwira ntchito m'boma zaka zoposa 20, ndipo manambala otere amadutsa patebulo langa tsiku ndi tsiku. Ulemu umene ndimawapatsa, pamodzi ndi diso lokayika limene ndimawayang'anira, ndidazitenga ku Bunda.

Ndidalowa pasukulu ya ukachenjede ya Bunda m'chaka cha 2000, idakali nthambi ya Yunivesite ya Malawi, isadakhale phata la LUANAR mu 2012. Ambirife tidapita tikuganiza za nthaka, mbewu ndi ziweto. Titamva kuti tiphunziranso za kakhalidwe ka anthu akumudzi, phunziro lotchedwa Rural Sociology, ena adaseka. Adati mwana wokulira kudambo ndi mbuzi angaphunzitsidwenso za mudzi? Aphunzitsi athu sadatsutse. Adangotifunsa kuti, "Banja n'chiyani?" Mnzathu wa ku Mzimba adanena za bambo, ana ake aamuna ndi akazi awo olowoledwa. Wa ku Zomba adanena za mayi, ana ake aakazi ndi malume woyang'anira mbumba. Aliyense ankadziwa mudzi wake, nauyesa dziko lonse.

Phunziro linzake lidali la njira zochitira kafukufuku pakati pa anthu. Kumeneko tidaphunzira kuti wowerenga anthu sangadalire mawu oti banja, choncho amawerenga khomo, kutanthauza anthu okhalira pamodzi ndi kudya mumphika umodzi. Tidaphunziranso kuti sikofunika kufunsa aliyense. Mayi akamalawa mchere m'ndiwo sadya mphika wonse, koma amayamba watakasa kuti kamsuzi ka pachipande kaimire mphika wonsewo. Kutakasa kwa wofufuza ndiko kusankha makomo mwa maere, kuti khomo la mayi wamasiye kuseri kwa phiri likhale ndi mwayi wofanana ndi khomo la afumu.

Tidawerenga buku la Robert Chambers la mu 1983, Rural Development: Putting the Last First. Mkuluyu adaona kuti akatswiri a chitukuko amakonda kuyendera midzi ya m'mbali mwa tala, nthawi ya chilimwe misewu ili youma, n'kucheza ndi amuna ndi anthu opezako bwino. Pobwerera amati aona mudzi, chonsecho njala yeniyeni imabwera m'dzinja, milatho itakokoloka, ndipo ovutikitsitsa sabwera kubwalo. Tidawerenganso buku la Megan Vaughan la mu 1987 lokamba za njala ya 1949 m'boma la Blantyre. Zikalata za atsamunda zidasunga za mvula ndi chimanga, koma za amuna amene adapita kukasaka chakudya osabwereranso adazipeza m'nyimbo za amayi za pamtondo. Umboni wina uli m'mabuku a boma, wina uli pamtondo.

Zonsezi zidamveka bwino tili m'midzi ya kuseri kwa Mitundu m'chaka cha 2002, miyezi yochepa chigwereni njala imene idachititsa pulezidenti wa nthawiyo, a Bakili Muluzi, kulengeza mu Febuluwale kuti dziko lili pangozi. Tidayamba talonjera afumu, monga mwa mwambo, kenaka n'kumwazikana ndi mapepala a mafunso. Funso loyamba lidali lakuti mutu wa banja ndani. Pakhomo lina ndidapeza bambo akusoka mphasa, ndipo nditawafunsa adaloza pachifuwa pawo. Nditafika pa funso la munda adaseka.

"Achimwene, ine pano ndine mkamwini. Ndidabwera ndi bulangete ndi khasu. Za munda funsani mayi a kunyumbawa, ndipo ikakhala nkhani ya malire, kaonaneni ndi alamu anga."

Papepala padali mpata wa dzina limodzi. Pakhomopo mphamvu zidali patatu: bambo ndi amene ankapita kumsika ndi fodya, mayi ndiwo adali eni munda ndi nkhokwe, ndipo mlongo wawo, mwinimbumba, ndi amene ankaweruza za ana ndi nthaka. Khomo loyandikana nalo lidali la chitengwa, mkazi ndi amene adatsatira mwamuna, ndipo funso lomwelo lidabala tanthauzo lina.

Agogo ena olera zidzukulu zamasiye ndidawafunsa ngati amagwira ntchito. Adati, "Mwanangu, ine ntchito ndingaitenge kuti?" Nditakhala nawo pakhonde mpaka dzuwa kupendeka ndidamva kuti amalima, amapalira minda ya anzawo pa ganyu, amaumba mbiya ndi kugulitsa thobwa. Kwa iwo ntchito ndi ya malipiro a pamwezi. Zokolola nazo anthu amaziyeza ndi ngolo, madengu ndi nkhokwe, pamene pepala limafuna makilogalamu. Wofufuza wosamala amayamba wayeza dengu la m'mudzimo, apo ayi alemba nambala yooneka bwino koma yopanda kanthu.

Chinanso, munthu wofunsidwa si chitsa. Naye amakhala akukufufuza. Chiyambire msonkho wa nyumba wa atsamunda m'zaka za m'ma 1890, mlendo wa pensulo ndi buku sadakhalepo wabwino kapena woipa chabe. Amabwera kudzatenga kapena kudzapereka. M'chaka cha njala aliyense ankayesa kuti tikulemba maina a thandizo, choncho mbuzi zinkachepa ndipo ana ankachuluka. Limenelo si bodza wamba, ndi nzeru za munthu wanjala. Mankhwala ake tidaphunzitsidwa: kunena poyera kuti ndiwe yani, zomwe ukulemba zipita kuti, kuti dzina lake silidzatuluka, ndi kuti ali ndi ufulu wokana. Kenaka kufunsa chinthu chimodzi m'njira zingapo, kwa amayi paokha, abambo paokha, ndi kuona ndi maso. Paja kuona maso a nkhono n'kudekha.

Wina angati zimenezi ndi zokangana za m'kalasi. Ayi ndithu. Kalembera wa 2018 adapeza kuti m'dziko muno mudali anthu oposa 17.5 miliyoni, ndipo 84 mwa anthu 100 alionse ankakhala kumudzi. Makuponi a fetereza wotsika mtengo atayamba mu 2005, ndi Mtukula Pakhomo atayesedwa ku Mchinji mu 2006, zonse zidatsamira pa mndandanda wa makomo. Pamndandanda potero funso loti khomo n'chiyani, ndi mutu wake ndani, limasanduka thumba la fetereza kapena ndalama ya sopo. Kodi mkazi wachiwiri pamitala ali ndi khomo lake? Nanga mtsikana wa zaka 16 wolera abale ake? Nanga dzina likalembedwa la mkamwini, banja n'kutha, iye n'kubwerera kwawo, munda ndi ana zitsala ndi chiyani?

Sindikunyoza manambala. Boma silingagawe mankhwala, aphunzitsi kapena zitsime ndi nthano zokha, ndipo nambala yofunsidwa bwino imateteza wosauka kwa wolankhula mokweza. Chimene Bunda idandipatsa ndi chizolowezi. Lipoti likafika muofesi, ndisadaone zotsatira ndimatsegula tsamba lofotokoza mmene kafukufukuyo adachitikira: adafunsidwa ndani, mwezi uti, m'chilankhulo chanji, ndipo adasankhidwa bwanji. Anyamata ndi atsikana amene timawatuma kumidzi ndimawapempha kuti asiye mpata m'munsi mwa pepala, alembemo zimene mwini khomo wanena zosakwana m'kabokosi. Nthawi zambiri mzere umenewo ndi umene umandiuza amene ayenera kulandira thumba.