MWALA UMENE UKULA: ULENDO WA KU CISUMBU CA INHACA

Abale anga a ku migodi, ine ndine mabalane. Nchito yanga ndiyo kulemba maina, manambala ndi mashifiti a inu amene mutsika pansi kukaswa mwala. Ndinabadwira ku Salima m'mphepete mwa nyanja yathu, ndipo ndisanalowe sukulu ya mishoni ndinali nditadziwa kale kupalasa bwato. Cifukwa ca ici ndinali kudziyesa munthu wodziwa zonse za m'madzi. Koma pa chuthi ca December 2023 ndinaona zinthu zimene zinandicotsa kunyada, ndipo ndifuna kuti inunso muzimve.

Pa mgodi pathu panali bambo wina wacikulire wa ku Mozambique amene tonse tinali kuwacha a Madala. Iwo anagwira mcini woboola mwala zaka zambiri, ndipo pamene nchito yao inatha ndine ndinawathandiza kulongosola mapepala a ndalama zao. Potsazikana anandigwira dzanja nati, "Mabalane, iwe umanyadira nyanja ya kwanu. Udzabwere kwathu ku Inhaca, ndidzakuonetse nyanja yeni-yeni." Ine ndinaseka, koma mau ao sanandicoke mumtima.

Ndinakwera basi ku Johannesburg madzulo, ndipo m'mawa tinaoloka malire pa Komatipoort ndi Ressano Garcia, njira yomwe anthu a ku Mozambique apitamo popita ku migodi kwa zaka zoposa 100. Tinafika ku Maputo, mzinda umene makolo athu anaudziwa ndi dzina la Lourenço Marques kufikira caka ca 1976. Kucokera pa doko la mzindawo kufika ku Inhaca pali makilomita oposa 30, ndipo combo cathu cinayenda maola oposa awiri.

Codabwitsa coyamba ndinaciona tisanatsike. Combo cinaima kutali ndi mtunda, natiuza kuti tilowe m'ngalawa zazing'ono, pambuyo pace tiyende pansi m'madzi. Ife a ku Malawi tidziwa nyanja yodzaza ndi mvula ndi kuphwa m'cilimwe. Nyanja ya mcere iri ndi mkhalidwe wina: idzaza ndi kuphwa kawiri pa tsiku limodzi, pakuti mwezi ukoka madzi ace. Pamene madzi athawa, asiya bwalo lalikuru la mcenga ndi matope, ndipo amai a pa cisumbu atuluka ndi zitini zao kukatola nkhanu ndi nkhono za ndiwo. A Madala anali kundidikira pamenepo, atapinda thalauzi, osabvala nsapato. Tinapatsana moni m'Cifanakalo monga pa komboni, pakuti Cironga cao ine sindicimva ai.

Munda wa pansi pa madzi

M'mawa mwace a Madala ndi mwana wao wamwamuna ananditenga m'ngalawa imene anaigula ndi ndalama za ku mgodi. Tinatsata gombe la kumadzulo kufikira pa malo ochedwa Barreira Vermelha, pomwe pali phompho la dothi lofiira ngati katondo. Mnyamatayo anandipatsa magalasi obvala m'madzi ndi kapaipi kopumira, nandiuza kuti ndigone cafufumimba pamwamba pa madzi, osaponda pansi.

Abale, zimene ndinaona nzobvuta kuzilemba. Pansi panali ngati munda wa miyala. Ina inali ndi nthambi ngati nyanga za gwape, ina yozungulira ngati mitsuko yobvundikira, ina yosalala pamwamba ngati thebulo. Mitundu yace inali yodera, yobiriwira, yofiirira ndi yacikasu. Miyala yotere dzina lace ndi korali. Pakati pace panali kuyenda nsomba zocuruka, zokhala ngati mbuna za m'miyala ya kwathu, koma zambiri zazikuru koposa ndi za maanga osawerengeka.

Poyamba ndinali kuthamangitsa maso uku ndi uku osaona kanthu bwino. Tsono ndinakumbukira mau a akuru akuti kuona maso a nkhono nkudekha. Nditakhala cete ndinayamba kuzindikira kuti nyama iri yonse pamenepo iri ndi nchito yace.

Inalipo nsomba yobiriwira ya mano olumikizana ngati mlomo wa cinkhwe. Iyo iluma mwala kuti idye ndere zomera pamenepo, ndipo m'madzimo munthu umva ndithu kukukuta kwace. Mwalawo iupera m'mimba mwace niutulutsa uli mcenga woyera. Ndinati mumtima, uyu ndiye mnzao wa a Madala, woboola mwala wa m'madzi.

Inaliponso kansomba kakang'ono kotalika ngati cala, ka mzere wakuda m'mbali. Iko kali ndi malo ace amodzi, ndipo nsomba zazikuru zibwera pamenepo, niziima, nizitsegula pakamwa ndi makha. Kansombako kalowa mkamwa mwao kutola tizirombo toyamwa magazi. Nsomba yaikuruyo ikanatha kukameza kamodzi kokha, koma siitero ai. Zina zidikira pambuyo monga mucitira inu pa zenera la ofesi yanga tsiku la malipiro, koma izo sizikankhana.

Ndinaona cinthu cina conga duwa la zala zofewa zambiri. Mnyamatayo anati ndi nyama, ndipo zala zacezo ziwawa ngati citedze, nizipha tinsomba tofika pafupi. Koma m'kati mwace mwenimweni munali kukhala nsomba ziwiri za mizere yoyera. Izo siziwawidwa cifukwa ca cinthu coterera ca pa khungu lao. Nyamayo izibisa kwa adani, ndipo izo zipirikitsa nsomba zofuna kudya nyamayo.

M'phanga lina munali kusuzumira mutu wa mkunga wa mano akuthwa. Pa mwala wina panali nyama ya mikono 8 imene Apwitikizi aicha polvo. Ndinaiona pokhapo pamene inasuntha, cifukwa isintha khungu lace kuti lifanane ndi malo amene yakhala. A Madala anandicenjeza za nsomba ina yooneka ngati mwala weni-weni, ya minga ya ululu pamsana, imene ipweteka koopsa munthu woiponda. Anandicenjezanso za tinyama tozungulira ta minga yaitali yakuda ngati ya nungu. Paja safunsa anadya phula. Mlendo pa malo otere ayambe wafunsa eni ace.

Colakwa canga

Tsono ndifika pa cinthu cimene ndicita naco manyazi. Madzi ataphwa, nthambi zina za korali zinali pafupi ndi ngalawa. Ndinaganiza kuti ndithyoleko imodzi ndikaike pa thebulo langa ku ofesi, anzanga akakhulupirire kuti ndinafikadi. Ndinatenga citsulo cimene cinali m'ngalawamo ndi kukweza dzanja. A Madala, munthu amene sindinamuonepo atakwiya zaka zonse za ku mgodi, anandigwira mkono mwamphamvu nati, "Mwana wanga, ika pansi."

Ine ndinati, "Madala, kodi si mwala cabe? Inu mwaswa miyala yambiri koposa uwu."

Iwo anayankha nati, "Ndi cifukwa cace ndikuletsa. Iwe ndi ine tadya za kuswa mwala. Koma mwala wa ku mgodi ukauswa sumeranso. Golide akatha mgodi utsekedwa, anthu nabwerera kwao manja ali m'thumba. Uwu uli ndi moyo. Ukauleka ukula. Ana a nsomba akulira m'nthambi zimenezi, ndipo zikakula zituruka kunja kumene ine ndiponya mbedza. Alendo amene mwana wangayu awanyamula alipira kuti aone zimenezi. Ukathyola iwe, mawa athyola wina, kodi adzukulu anga adzadya ciani?"

Ndinaika citsulo pansi ndi kupepesa. Koma mumtima ndinali kukayikabe kuti mwala ungakhale bwanji ndi moyo.

Zimene ndinaphunzira

Madzulo anapita nane ku nyumba yophunzirira za m'nyanja imene iri pa cisumbu pomwepo. Inamangidwa m'caka ca 1951, ndipo tsopano iri m'manja mwa Yunivesite ya Eduardo Mondlane. Kale ophunzira a ku Yunivesite ya Witwatersrand ku Johannesburg anali kubwera kuno kudzaphunzira nyama za m'madzi. M'nyumbamo asungamo zigoba, nkhanu, nsomba ndi makorali ouma a mitundu-mitundu.

Pamenepo anandionetsa cidutswa ca korali wakufa, ndipo ndinaona kuti ciri ndi timaenje tambiri-mbiri ngati cisa ca njuci. M'kaenje kali konse munali kukhala kanyama kofewa, kena kocepa ngati mutu wa macesi. Kanyamako katenga laimu m'madzi a mcere nikamanga kanyumba kace. Tikafa, tina timanga pamwamba pa nyumba za makolo ao, ndipo mwala ukwera pang'ono-pang'ono. Korali wa nthambi akhoza kukula masentimita 10 pa caka, koma wozungulira uja akula ngati sentimita imodzi yokha. Comweco mwala wofika m'ciuno mwa munthu ukhoza kukhala wa zaka 100. Ine ndikanaononga m'kamphindi nchito ya zaka zambiri.

M'thupi mwa tinyamato mukhala ndere zazing'ono zosaoneka ndi maso. Nderezo zipanga cakudya ndi kuwala kwa dzuwa nizigawira kanyamako, ndipo ndizo zipatsa korali maonekedwe ace okongola. Ndi cifukwa cace makorali omanga matanthwe afuna madzi osaya, oyera ndi ofunda. Inhaca ali pakati pa malo a kum'mwera kweni-kweni kwa Africa kumene apezeka, pakuti madzi ofunda atsika m'gombe limeneli kucokera kumpoto. Koma madzi akatentha kopitirira, kanyamako katulutsa nderezo, korali nayera mbuu, ndipo kutenthako kukakhalitsa afa ndi njala. Zimenezi zinacitika m'maiko ambiri m'caka ca 1998, ndipo makorali a kumpoto kwa Mozambique anaonongeka kwambiri. Zinacitikanso mu 2016 ku Great Barrier Reef ku Australia, mpanda wa korali waukuru koposa onse pa dziko, wotalika makilomita 2,300.

Anandiuzanso kuti matanthwe a korali sakwana ngakhale gawo limodzi mwa magawo 100 a pansi pa nyanja, koma mtundu umodzi mwa mitundu inai iri yonse ya zamoyo za m'nyanja udalira malo amenewa. Cifukwa ca ici boma la Mozambique linaika madzi a Inhaca m'malo otetezedwa a Ponta do Ouro mu 2009, ndipo kuyambira 2021 ali m'kati mwa Maputo National Park. Kuthyola korali ndi mlandu. Tsono a Madala anandipulumutsa kawiri.

Kamba wobwerera kwao

Usiku wotsiriza tinapita ku gombe la kum'mawa, kumene mafunde akuru a Indian Ocean amenya mcenga. December ndi nyengo imene akamba a m'nyanja atuluka kudzaikira mazira. Tinadikira nthawi yaitali osayatsa nyali, cifukwa kuwala kuwabweza. Potsiriza tinaona cinthu cakuda cirikukwawa kucoka m'madzi. Anali kamba wa mutu waukuru, wolemera koposa ine. Anakumba dzenje ndi miyendo ya kumbuyo, naikira mazira ngati 100, ozungulira ndi ofewa, nafotsera bwino, nabwerera m'madzi. Mazirawo aswa patapita miyezi iwiri, ndipo tiana tithamangira ku nyanja tokha popanda make. Tambiri tidyedwa ndi nkhanu, mbalame ndi nsomba. Koma wamkazi amene apulumuka ayenda nyanja zakutali zaka zambiri, ndipo akakula abwerera ku gombe la kwao komwe anabadwira kudzaikira mazira ace.

A Madala ananong'ona nati, "Waona, Mabalane? Nayenso ndi wa ku Joni. Apita kutali, koma abwerera. Tsono akapeza gombe lace litaonongeka, adzaikira kuti?"

Mau amenewa ndinayenda nao njira yonse yobwerera. Ndinakumbukira kwathu ku Salima, kumene mafumu a dera la cisumbu ca Mbenje atseka usodzi m'nyengo ya mvula caka ndi caka kuti nsomba ziswane, ndipo mwambo umenewu ausunga kuyambira m'zaka za m'ma 1950. Ndinakumbukiranso magombe ena kumene anthu akokera tiana ta nsomba ndi maukonde a udzudzu, napita kwao akudandaula kuti cambo casowa.

Abale anga, tonse tiri pano cifukwa ca kwathu. Ambiri a inu musunga ndalama kuti mukagule ngalawa, ukonde, ng'ombe kapena munda. Nzabwino ndithu. Koma ngalawa ya a Madala iri ndi phindu cifukwa pansi pa madzi pali tinyama tomanga usana ndi usiku, ndipo eni cisumbu atileka kuti timange. Pokagula ukonde, gulani wa maso oyenera. Nyengo yotseka ikafika, usiyeni uume.

Pa thebulo langa ku ofesi palibe korali. Pali cithunzi cimene mwana wa a Madala anandijambula ndiri ndi magalasi a m'madzi, tsitsi liri nyankhalala. Wofuna kuciona afike pa zenera, koma osati tsiku la malipiro.

Ndine wanu,
Mabalane wa ku Salima.