Nkhokwe zikutha, koma kusunga chimanga sikudzatha

 Pa mitu yonse imene ndimaphunzitsa mu Computer Studies, pali umodzi umene sulira magetsi kapena kompyuta. Umangolira choko, bolodi ndi kudekha. Mutuwu ndi wa kusandutsa physical model kukhala logical model. Mawuwa amaopsa pongowamva, ndipo ana ambiri amangowaloweza kuti akhoze mayeso basi. Koma ine ndimaona kuti nkhaniyi ili pakhomo pathu penipeni, chifukwa imakhudza feteleza wa makolo athu ndi mwana amene wasowa m'kalasi masiku atatu.

Ndiyambe ndi tanthauzo. Physical model ndi chithunzi cha mmene ntchito ikugwiridwira lero lino: akuigwira ndani, mu ofesi iti, tsiku liti, pogwiritsa ntchito buku lanji kapena makina anji. Logical model ndi chithunzi cha ntchito yomweyo mutachotsamo zonsezo, n'kungotsala ndi chimene chikuyenera kuchitika, uthenga umene ukulowa, umene ukutuluka ndi umene ukusungidwa. Choyamba chimayankha funso lakuti "zikuchitika bwanji?" Chachiwiri chimayankha lakuti "kwenikweni chikuchitika n'chiyani, ndipo n'chifukwa chiyani?"

Ana ndimawapatsa chitsanzo cha nkhokwe. Tili ana, pafupifupi khomo lililonse linali ndi nkhokwe panja, yoluka bwino, yomata, yokhala pamiyala. Masiku ano ambiri amatonola chimanga, kuthira mankhwala, kuika m'matumba n'kulowetsa kuchipinda. Nsungwi, udzu wa denga ndi miyala ija zinali physical. Koma chimene agogo athu ankafuna sichinasinthe: chimanga chisanyowe, anankafumbwe asachifumbwe, akuba asachipeze, ndipo mwini adziwe kuti chatsala chochuluka bwanji kuti aone ngati chifike mwezi wa Febuluwale. Zinayi zimenezi ndiye logical model. Munthu amene wazimvetsa akhoza kusankha thumba, mgolo wachitsulo kapena nkhokwe yomweyo. Amene sanazimvetse adzagula matumba okongola n'kuwasanja pansi ponyowa.

Nzeruyi inakhazikika m'mabuku a makompyuta kumapeto kwa zaka za m'ma 1970. Mu 1978 Tom DeMarco wa ku America anatulutsa buku la Structured Analysis and System Specification, ndipo nthawi yomweyo Chris Gane ndi Trish Sarson ankaphunzitsanso njira yofanana nayo. Ulendo wake uli ndi masitepe anayi. Poyamba mumajambula mmene zinthu zikuchitikira lero. Kachiwiri mumachotsa anthu, maofesi ndi zipangizo kuti muone ntchito yeniyeni. Kachitatu mumakonza ntchitoyo, kuchotsa zosafunika ndi kuwonjezera zosoweka. Pomaliza m'pamene mumasankha zipangizo zatsopano. Mu 1984 Stephen McMenamin ndi John Palmer, m'buku lawo la Essential Systems Analysis, anawonjezera kafunso kothandiza kwambiri. Anati tiziyerekeza kuti tili ndi makina osatopa, osalakwitsa, osachedwa ndiponso osalira ndalama, kenako tidzifunse kuti ndi ntchito ziti zimene zikanatsalabe. Zotsalazo ndizo zenizeni. Zinazo zinabwera chifukwa cha kufooka kwa zipangizo zathu.

Tiyeni tiyese pa chinthu chimene tonse timachidziwa, kubwereketsa mabuku pasukulu. Pa sukulu zambiri zimene ndaphunzitsapo zimayenda motere. Mwana amapita ku sitolo ya mabuku Lachisanu masana, chifukwa m'pamene mphunzitsi wosunga kiyi amakhala ndi mpata. Mphunzitsiyo amalemba dzina la mwana ndi nambala ya buku m'hadikava yaikulu. Monitala amakoperanso mayina omwewo m'kope lake. Mphunzitsi wa phunzirolo naye ali ndi kapepala kake. Chaka chikamatha, mwana amayenda ndi fomu kuti aphunzitsi angapo asayine kuti alibe ngongole ya buku. Mukajambula zonsezi pabolodi monga data flow diagram, mizere imapiringizana ngati mpiringidzo wa maungu.

Tsopano yambani kufufuta. Lachisanu lichoke, chifukwa si lamulo la sukulu, ndi vuto la kiyi. Kiyi nayo ichoke. Hadikava, kope la monitala ndi kapepala ka mphunzitsi zonse zikusunga chinthu chimodzi, ndiye zikhale nkhokwe imodzi yotchedwa "mabuku obwerekedwa". Kuyenda kwa mwana ndi fomu kuchoke, poti kumangonyamula uthenga kuchoka pa tebulo lina kupita pa lina osasintha kanthu. Mayina a maudindo, monga monitala ndi wosunga kiyi, achoke, m'malo mwake mulembe ntchito. Chotsala n'chochepa modabwitsa: tsimikizani kuti mwanayu ndi wa pasukulu pano, onani ngati buku lilipo, lembani kuti labwerekedwa, lembani kuti labwezedwa, tulutsani mndandanda wa amene sanabweze. Zosungidwa ndi zitatu: ana, mabuku, ndi zobwerekedwa. Koma samalani. Ngati sukulu inagwirizana kuti mwana asatenge mabuku oposa awiri pa nthawi imodzi, limenelo ndi lamulo ndipo silifufutidwa. Luso lonse lagona pa kusiyanitsa lamulo ndi chizolowezi.

Wina anganene kuti izi ndi za m'kalasi chabe. Ayi ndithu, boma lathu lino la Dowa linaziona zikuchitika. Mu 2006, pamene dziko lonse linakolola bwino, madera ena kumpoto kwa Dowa anakolola zochepa chifukwa cha ng'amba. Chizolowezi chinali chakuti njala ikagwa, magalimoto abwere ndi matumba a chimanga, anthu afole pamzere. Koma bungwe la Concern Worldwide, ndi thandizo la boma la Britain kudzera ku DFID, linayambitsa pologalamu ya Dowa Emergency Cash Transfers, imene inayenda kuyambira Disembala 2006 mpaka Epulo 2007 ndi kufikira mabanja oposa 10,000. Anthu ankalandira ndalama mwezi ndi mwezi kudzera ku banki ya Opportunity International, imene inkapita kumidzi ndi galimoto, ndipo panali makadi ozindikira munthu ndi chidindo cha chala. Ndalamazo zinkasiyana malinga ndi kukula kwa banja, ndipo zinkasintha potsata mtengo wa chimanga pamsika. Amene anakonza zimenezi anaona kuti thumba ndi lole ndi physical chabe. Chofunika chinali chakuti banja lodziwika bwino lipeze chakudya chokwanira mwezi umenewo. Poti chimanga chinalipo m'misika ya m'dziko muno, ndalama zinatha kugwira ntchito ya thumba. Chikanakhala chaka choti misika ilibe kanthu, yankho likanakhala lina, ngakhale cholinga chikanakhala chomwecho.

Chitsanzo chachiwiri ndi cha makuponi. Mu 2005, nthawi ya Bingu wa Mutharika, boma linayamba kupereka makuponi ogulira feteleza wotsika mtengo, thumba limodzi lokulitsa ndi lina lobereketsa, lililonse la makilogalamu 50. Kapepala kaja kankagwira ntchito zitatu: kusonyeza kuti mwini wake ndi woyenera, kunena kuchuluka kwa chimene alandire, ndi kuletsa kuti munthu asagule kawiri. Tonse tikukumbukira nkhani zimene zinkamveka m'manyuzi, za makuponi achinyengo, ogulitsidwa kwa mavenda, ndi mayina a anthu oti kulibe. Mu 2017 bungwe la National Registration Bureau linalemba anthu oposa 9 miliyoni a zaka 16 kupita m'tsogolo kuti alandire chiphaso cha unzika. Ndiye mu 2020, pamene boma la Lazarus Chakwera linayambitsa AIP, kuponi inachoka, mlimi ankapita ndi chiphaso chake, wogulitsa n'kuchisikana pafoni, thumba n'kugulidwa pa K4,495. Ntchito zitatu zija zinatsala momwemo, chinasintha ndi chipangizo. Koma chipangizo chatsopanocho chinabwera ndi kufooka kwakenso. Netiweki ikavuta, anthu ankagona pa malo ogulitsira, ndipo mavenda amene kale ankagula makuponi anayamba kugula ziphaso. Walira mvula walira matope. Makina osalakwitsa a McMenamin ndi Palmer ndi ongoganizira pofufuza ntchito. Pofika pa sitepe yachinayi tiyenera kubwerera pansi pano, pamene pali mapiri otchinga netiweki ndi mabatire otha moto, n'kufunsa kuti zikavuta tidzatani.

Tsopano ndifike pa chimene chimandidetsa nkhawa, ndipo apa ndikulankhula makamaka ndi inu anzanga a choko. Pofufuta zinthu za physical, n'zosavuta kufufutira limodzi ntchito imene palibe anailemba paliponse. Taganizani za kuitana mayina m'mawa. Munthu wochokera kunja akaona rejisitala, adzalemba kuti ntchito yake ndi "kulemba amene abwera ndi amene sanabwere", ndipo adzati kamakina ka pageti kakhoza kuchita zimenezi msanga kuposa mphunzitsi. Sakunama. Koma inu mukudziwa chimene chimachitika mukaitana dzina la mtsikana wa Fomu 2 kachitatu popanda woyankha. Kalasi imakhala chete mwa mtundu wina. Mnzake wa pa desiki amayang'ana pansi. Pa buleki mumamuitana, ndipo mumamva kuti kwawo kukukambidwa za ukwati, kapena kuti mayi ake adwala ndipo iye ndiye akuphikira ang'ono ake. Nyengo ya fodya, anyamata amasowa chifukwa chosoka ndi kupachika m'zigafa. Mumatuma uthenga kwa makolo, mwina mumadziwitsa amayi a Mother Group, ndipo nthawi zina mwanayo amabwerera.

Kulondola mwana wosowa sikunalembedwe pa chikuto cha rejisitala, koma ndi ntchito yeniyeni, mwinanso yoposa kuchonga mayina. Logical model yabwino iyenera kukhala ndi bokosi lakelake lakuti "fufuzani chifukwa chimene mwana wajombera masiku otsatizana". Likasowa bokosi limeneli, sukulu idzakhala ndi manambala olondola bwino a ana amene ikuwataya. N'chimodzimodzinso ndi msonkhano wa pabwalo la mfumu pamene mayina a olandira thandizo amawerengedwa mokweza. Pachithunzi umaoneka ngati kuchedwetsa zinthu, koma m'pamene mudzi umatha kunena kuti uyu anamwalira chaka chatha, uyu anasamukira ku Mponela, nanga gogo wakutiyo mwamusiyiranji.

N'chifukwa chake sitepe yoyamba, yojambula mmene zinthu zilili lero, siyenera kudumphidwa ngakhale ndi yotopetsa. Chinthu chilichonse musanachifufute, funsani amene amachigwira kuti chinayamba bwanji, ndipo chitachoka chingawonongeke n'chiyani. Mayankho ena adzakhala akuti "tinazipeza choncho", ndipo zimenezo fufutani mosaopa. Ena adzakuululirani ntchito yobisika. Akuluakulu anati safunsa anadya phula. Kalaliki wa pa ofesi, mlonda wa pageti ndi monitala wa kalasi amadziwa zinthu zimene sizipezeka m'mafayilo a ahedi.

Ana anga a Fomu 4 ndimawapatsa ntchito iyi: asankhe chinthu chimodzi cha kwawo, kaya banki m'khonde ya amayi awo, kaya chigayo, kaya sikelo ya ana ku chipatala, ajambule mmene chikuyendera, kenako achivule mpaka patsale ntchito yokha. Amene asankha banki m'khonde amabwera ndi funso labwino nthawi zonse: kodi maloko atatu a pa bokosi la ndalama, amene makiyi ake amasungidwa ndi anthu atatu osiyana, ndi physical kapena logical? Timakangana mpaka belu kulira. Pamapeto pake amaona okha kuti loko ndi chitsulo chabe, koma lamulo lakuti munthu mmodzi asathe kutsegula yekha liyenera kutsala, ngakhale ndalamazo zitasamukira pa Mpamba kapena Airtel Money.

Inu amene munachoka kuno ndipo tsopano muli m'maofesi ku Lilongwe, ku Blantyre kapena kunja, ena a inu ndinu amene mudzatumidwe kukonza masisitimu a sukulu, zipatala ndi alimi. Pempho langa ndi lakuti musanatsegule laputopu, mukakhale tsiku lathunthu pafupi ndi munthu amene amagwira ntchitoyo ndi cholembera. Mukamufunse mwaulemu, mulembe zonse, ndipo chithunzi chanu mukamuonetse iyeyo asanachione bwana. Akakuuzani kuti pali chimene mwasiya, mumumvere. Anzanga aphunzitsi amene muli ndi zitsanzo zina za kusukulu kwanu, tidzagawane tikadzakumana kochonga mayeso.